MAKINA OWERENGA ZITHUNZI ZA M'CHIFUWA

Chifuwa chachikuru ndi nthenda imene isautsa anthu ambiri, makamaka kumene anthu agona mothithikana, monga m'misasa ya asodzi ku Senga Bay ndi ku Chipoka. Njira imodzi yoidziwira msanga ndiyo kujambula m'chifuwa ndi X-ray. Koma madotolo odziwa kuwerenga zithunzizo ali owerengeka m'dziko muno, ndipo tsopano kuli kompyuta imene ithandiza pa nchitoyi.

Kagwiridwe Kache ka Nchito

Kompyutayi siiganiza monga munthu ai. Amene anaipanga anaionetsa zithunzi zambirimbiri za mapapo, za odwala ndi za anthu abwino, kufikira inayamba kusiyanitsa. Ina ya makinawa, yochedwa CAD4TB, inapangidwa ku Netherlands. Ikaona chithunzi ipereka nambala kuyambira 0 kufikira 100. Nambala ikakwera, munthuyo ayenera kupereka makhololo kuti akayezedwe pa makina ena ochedwa GeneXpert.

Mu 2018 ndi 2019 makina otere anayesedwa pa chipatala cha Bangwe ku Blantyre. Odwala amene anajambulidwa anayamba mankhwala msanga koposa anzao amene anatsata njira yakale. Mu 2021 bungwe la World Health Organization linabvomereza makinawa kuti azisankha oyenera kuyezedwa pakati pa anthu a zaka 15 ndi kuposa apo.

Makina Akhoza Kulakwa

Munthu amene anadwala chifuwa chachikuru kale nachira amatsala ndi zipsera m'mapapo. Kompyuta ikaona zipserazo ikhoza kupereka nambala yaikuru, chonsecho munthuyo alibe nthenda. Ikhozanso kuphonya nthenda imene yangoyamba kumene. Ndiponso siidziwa kuti munthu waonda, kapena kuti atuluka thukuta usiku, kapena kuti m'nyumba mwache muli wina wokhosomola. Izi azidziwa ndi dotolo amene afunsa ndi kumvetsera.

Chifukwa chache mau otsiriza ayenera kuchokera kwa munthu. Msodzi akauzidwa kuti ali bwino pamene ali kudwala, adzabwerera ku msasa nadzapatsira anzache. Pamenepo mlandu sungaikidwe pa kompyuta, pakuti kompyuta siingaitanidwe ku bwalo. Woyankha ndiye wa chipatala amene anaikhulupirira osamuyeza wodwalayo.

Zoyenera Wodwala

Choyamba, wodwala auzidwe m'chinenero chache kuti chithunzi chache chidzawerengedwa ndi makina, ndipo ali ndi ufulu wofunsa tanthauzo la nambalayo.

Chachiwiri, za nthenda yache ndi chinsinsi. Chithunzi cha m'kompyuta chiyenda kutali mosabvuta, ndipo chikafika kwa osayenera, munthu akhoza kusalidwa pa mudzi kapena kuchotsedwa nchito ndi mwini bwato. Mu 2024 dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu, ndipo za umoyo ziri m'gulu la zosungidwa mosamala kwambiri.

Chachitatu, wosauka wa kutali ndi mseu asatsalire. Makina amene athandiza a m'tauni okha sanathetse bvuto.

Pempho kwa Mafumu ndi Aphunzitsi

Mafumu ndi aphunzitsi afotokozere anthu ao kuti makinawa si matsenga, ndiponso sayamwa magazi. Ali ngati nyali ya msodzi wa usipa: ionetsa pamene pali nsomba, koma woponya chilimira ndi munthu.

Aliyense amene wakhosomola masabata awiri apite ku chipatala cha Boma ku Salima kapena ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwao. Ngakhale makina anene kuti ali bwino, chifuwa chikapitirira abwerenso. Mankhwala a chifuwa chachikuru ndi aulere m'zipatala za Boma, ndipo amwedwa miyezi isanu ndi umodzi osadukiza.