Kusungulumwa kumadwalitsa: zomwe magulu a m'mudzi amachita pa umoyo wanu

Mukamachokera ku Lilongwe kulowera ku Dedza pa msewu wa M1, mukangodutsa Linthipe mumayamba kuona mapiri a Chongoni. M'mapirimo muli malo 127 a zojambula zakale za pa miyala, omwe bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zambiri mwa zojambula zoyera ndi za Achewa: zina za chinamwali cha atsikana, zina za Nyau. Zonsezi zinali za magulu, momwe munthu ankaphunzira, kulangizidwa, komanso kudziwa oti adzamuthandize pa maliro kapena pa matenda.

Lero a zaumoyo akunena ndi manambala zomwe makolowo ankazidziwa kale. Mu June 2025, komiti yapadera ya bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO inatulutsa lipoti lonena kuti munthu mmodzi mwa 6 aliwonse amasungulumwa, ndipo vutoli limakhudzana ndi imfa pafupifupi 871,000 pa chaka. Chodabwitsa n'choti m'maiko osauka anthu 24 pa 100 aliwonse anati amasungulumwa, pomwe m'maiko olemera ndi 11 okha. Ngati mumaona ngati ili ndi vuto la ku Ulaya, ife kuno timakhala mothithikana, manambala akukana.

Kukhala pakati pa anthu sikutanthauza kuti muli ndi wouza zakukhosi. Taganizirani mkamwini yemwe wangolowa kumene m'mudzi wa akazi ake: anthu ndi ambiri, koma abale ndi anzake a ubwana anawasiya kwawo. Kapena mayi amene mwamuna wake anapita ku Joni, ndalama zimabwera mwa apo ndi apo, munda wa mbatata ya kachewere n'kumaulima yekha. Kapena agogo olera zidzukulu, omwe mu June ndi July, kuzizira kwa ku Dedza kukafika povuta, amatha masiku osatuluka m'nyumba.

Thupi limamva bwanji?

Munthu akakhala ndi nkhawa nthawi yaitali popanda womutonthoza, thupi limakhala ngati lili pa ngozi tsiku lililonse. Mtima umagunda kwambiri, magazi amathamanga, tulo timasowa, chilakolako cha chakudya chimasintha. Pakapita zaka, chiopsezo cha matenda a mtima, sitiroko, shuga ndi matenda a maganizo chimakula. Mu 2010, Julianne Holt-Lunstad ndi anzake ku America anaphatikiza kafukufuku 148 wokhudza anthu opitirira 300,000, ndipo anapeza kuti anthu okhala ndi ubale wolimba ndi anzawo anali ndi mwayi wochuluka ndi theka wokhalabe ndi moyo m'zaka zomwe ankawatsatira.

Mbali ina n'njosafuna kafukufuku. Mukapanda kupita kukatenga ma ARV kapena mankhwala a BP, ndani adzazindikira? Matenda a uchembere akayamba usiku, ndani adzathamangira njinga yamoto? Gulu limayankha mafunso amenewa.

Umboni wa kwathu konkuno unachokera ku Mchinji, komwe pulojekiti ya MaiMwana inakhazikitsa magulu a amayi okambirana mavuto a uchembere ndi kupeza okha njira zowathetsera. Zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2013, ndipo zinaonetsa kuti m'madera ena momwe munali maguluwa imfa za amayi ndi makanda zinatsika. Amayiwo sanapatsidwe mankhwala atsopano. Ankakumana, kukambirana, kenako n'kugwirizana zochita.

Poyambira n'pomwe muli kale

Kwa ambiri a ku Chongoni, khomo loyamba ndi mpingo. Ku CCAP ya Sinodi ya Nkhoma, yomwe ili ndi malo ophunzitsira akhristu a Namoni Katengeza ku Chongoni komweko, amayi ali ndi Chigwirizano. Akatolika a Dayosizi ya Dedza amakumana m'miphakati. Amayi achisilamu ali ndi Dawa. Maguluwa amayendera odwala, kutunga madzi pa maliro, kusonkha ufa. Ubwino wake ndi woti amakumana mosadumphitsa, zomwe n'zofunika kuposa kukula kwa gulu. Kuonana ndi anthu omwewo sabata iliyonse n'komwe kumabala chikhulupiriro.

Ngati vuto lanu ndi matenda, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Iyeyu amadziwa komwe kuli gulu la amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, komwe achinyamata omwe ali ndi HIV amakumana, komanso magulu olimbikitsana monga a NAPHAM, bungwe la anthu omwe ali ndi kachilomboka lomwe linayamba mu 1993. Makolo a ana ang'onoang'ono ali ndi sukulu za mkombaphala, komwe kuphika phala mosinthana kumasanduka mpata wodziwana ndi amayi ena. Za Mtukula Pakhomo, yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006, poyambira ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma la Dedza.

Banki m'khonde: mankhwala omwe ali ndi muyeso

Palibe gulu lomwe lafalikira m'midzi ngati banki m'khonde. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991: anthu pafupifupi 15 mpaka 25 amagula masheya sabata iliyonse, amabwerekana ndi chiwongoladzanja, ndipo amagawana pakatha miyezi 9 mpaka 12. Chomwe ambiri amachiiwala ndi kathumba ka padera ka zogwa mwadzidzidzi, komwe membala amathandizidwa nako pa matenda kapena maliro. Pa nkhani ya umoyo, kathumba ameneka n'kofunika kuposa phindu la pa Khirisimasi, chifukwa ndi komwe kamapereka ndalama ya thiransipoti tsiku lomwe mwana wakomoka.

Koma tisabisane. Gulu lomweli limatha kusanduka gwero la nkhawa. Munthu amabwereka kuno kuti akabweze uko, nthawi yogawana ikafika anzake amabwera kudzanyamula malata, mbuzi kapena ziwiya, ndipo manyazi amamutsekera m'nyumba. Musanalowe, funsani malamulo ake: chiwongoladzanja n'chingati, kodi kubwereka n'kokakamiza, ndani amasunga bokosi ndipo ndani amasunga makiyi, nanga wolephera kubweza chifukwa cha matenda amamutani? Gulu lomwe silingayankhe funso lomalizali momveka, lisiyeni. Ndipo kulowa m'mabanki atatu nthawi imodzi si kuchenjera.

Abambo ndi agogo ndi omwe amatsalira

Mukaonetsetsa, magulu ambiri atchulidwawa adzaza ndi amayi. Abambo amakumana pa bawo, pa mpira kapena pa mowa, komwe nkhani ya ngongole kapena ya banja imathera m'nthabwala. Malipoti a apolisi akhala akuonetsa chaka ndi chaka kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna. Kalabu ya ulimi, kwaya, komiti ya pa mjigo kapena yosamala nkhalango, zonsezi zimapatsa mwamuna chifukwa chotulukira m'nyumba popanda kunena kuti akuvutika. Ngati muli ndi mnzanu yemwe wasiya kubwera pa bawo, musadikire kuti akuuzeni. Pitani mukamuone, ndipo mumufunse mwachindunji ngati akuganiza zodzichotsera moyo. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu.

Agogo vuto lawo n'lina. Ena amasalidwa chifukwa chonamiziridwa ufiti, makamaka akayamba kuiwalaiwala kapena kuyankhula okha, zomwe nthawi zambiri ndi matenda a ubongo obwera ndi ukalamba. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la 1911, ndipo nkhani zotere mukhoza kukazitula ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Agogo ndi omwenso athandiza anthu ambiri ku Zimbabwe, komwe dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare mu 2006. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu oganiza kwambiri, ndipo kafukufuku wa 2016 anaonetsa kuti odwala ambiri anapeza bwino.

Pomwe gulu silingakwanitse

Ngati kwa sabata ziwiri kapena kuposerapo mukukhala okhumudwa tsiku lonse, simukugona, simukudya, ndipo zomwe zinkakusangalatsani sizikukomanso, pitani kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha Dedza mukafotokoze monga momwe mungafotokozere malungo. Ngati mukuganiza zodzivulaza, musadikire sabata ziwirizo: uzani munthu lero lomwe ndipo akuperekezeni. Foni yomwe mukuwerengerayi ingathandizenso. Chipatala Cha Pa Foni chimayankha pa 54747, ulere pa Airtel, pomwe nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana ndi achinyamata omwe akuzunzidwa kapena akusowa wolankhula naye.