FANI YA M'GALIMOTO IKALEKA KUZUNGULIRA

Munthu wocokera ku Lusaka pa msewu waukuru wa kum'mawa, umene pa Cizungu amati Great East Road, akaoloka ulalo wa Luangwa umene unatsegulidwa m'caka ca 1968, ayamba kukwera ndi kutsika mapiri pa njira yokhotakhota. Apitirira Kacholola, ndipo pambuyo pace afika pa Nyimba, pamene amai agulitsa nthoci m'mbali mwa msewu. Dziko limeneli ndi lotentha, makamaka m'mwezi wa October. Cifukwa cace anthu ambiri a kumeneko akamva kuti m'galimoto muli cipangizo cotenthetsa mpweya, cimene amati hita, aseka nati, "Nca nchito yanji kuno kwathu? Zimenezo nza ku Ulaya." Ndipo fani yace ikaleka kuzungulira, sasamala konse.

Koma fani imeneyi iri ndi nchito yina yoposa kufunditsa miyendo m'mamawa wa June ndi July. Mpweya umene munthu apuma uli ndi madzi osaoneka. M'nyengo ya dzinja anthu atseka mazenera onse, ena alowa ndi zobvala zonyowa, ndipo galasi la kutsogolo lizizira ndi mvula ya kunja. Pamenepo madzi aja a mu mpweya akhala pa galasi monga mame pa udzu, ndipo woyendetsa saonanso njira. Cimene cicotsa nkhungu imeneyi ndiyo mphepo yofunda imene fani iuzira pa galasi, kupyolera m'timipata ta m'munsi mwace.

Mnyamata wina wa pa Nyimba, amene anali kunyamula anthu ndi akatundu ao pa galimoto yaing'ono, anazindikira zimenezi tsiku lina m'mwezi wa January. Ananyamuka kusanace, mvula iri kugwa. Pofika ku mapiri a Kacholola galasi linayera lonse. Anatembenuza switci, koma fani inangoti zii. Tsono anayamba kupukuta galasi ndi cisoti cace, dzanja limodzi liri pa ciongolero. Pa gulaye wina panali lole yofa, ndipo eni ace anali ataika nthambi za mitengo pa msewu monga mwa mwambo wa apaulendo. Mnyamatayo sanazione nthambizo. Anangomva ziri kukhwekhwereza pansi pa galimoto, naponda mabuleki, naima pang'ono pokha kumbuyo kwa lole ija. Amai ena anakuwa. Iye mwini anatsika miyendo iri kunthunthumira.

Atabwerako ku ulendo anapita kwa amalume ace, amene anali makaniko wakale, nati, "Amalume, mota ya fani yafa. Mundithandize ndalama kuti ndikagule yina ku Lusaka."

Mkuluyo anafunsa, "Wadziwa bwanji kuti yafa ndi mota, mphwanga? Kodi waiona?"

"Iai, Amalume, koma siizungulira."

"Ng'ombe ikagona pansi sindiye kuti yafa," anatero mkuluyo. "Bwera nayo pansi pa mtengo apa."

Kuti munthu amvetse zimene mkuluyo anacita, ayenera kuyamba wadziwa umo cipangizoci cigwirira nchito. Hita ya m'galimoto yoyendera petulo kapena dizilo ilibe moto wace wace. Injini ikamayenda itentha kwambiri, ndipo madzi azungulira m'kati mwace kuti aiziziritse. Madziwo afika pafupi ndi madigiri 90. Ena a madzi otenthawa apatuka ndi mapaipi awiri a labala, nalowa m'karediyeta kakang'ono kobisika kuseri kwa bolodi la kutsogolo kwa mipando. Fani ikoka mpweya, niupititsa pakati pa karediyetako, ndipo mpweyawo uturuka uli wofunda. Cotero kutentha kucokera ku madzi, koma mphepo icokera ku fani. Izi ndi zinthu ziwiri, ndipo wosazisiyanitsa ataya nthawi ndi ndalama.

Fani izunguliridwa ndi mota yaing'ono yoyendera magetsi a m'batire, amene m'magalimoto ang'ono ali mavoliti 12. Magetsi afanana ndi madzi a mu ngalande ya ku dimba, koma asiyana nao pa cinthu cimodzi: sangayende ngati palibe njira yobwerera kumene acokera. Aturuka m'batire, apyola m'fyuzi, apyola m'kabokosi kamene amati relay, alowa m'mota, apyolanso m'switci ndi m'kacipangizo kena kamene amati resistor, ndipo potsiriza abwerera ku batire kudzera m'citsulo ca galimoto yomwe. Opanga magalimoto sandondomeka zinthuzi mofanana onse, koma njira ikaduka pa malo amodzi okha, pali ponse, fani iima. Mota iri imodzi yokha mwa zinthu zisanu kapena zisanu ndi cimodzi zimene zingalakwe, ndipo ndiyo ya mtengo wapatali koposa zinzace.

Makaniko wanzeru ayamba ndi makutu ace asanagwire sipanala. Atsegula kiyi, natembenuza switci pa 1, pa 2, pa 3, kufikira pa nambala yotsiriza, namvetsera.

Ngati mphepo ituruka bwino koma iri yozizira, fani ilibe mlandu. Kapena madzi acepa m'rediyeta, kapena karediyeta kaja katsekeka ndi dzimbiri, kapena wina anacotsa thermostat, ndiko kacitseko kamene kasunga madzi m'injini kufikira atafunda. Alipo anthu amene acotsa kacitsekoka poganiza kuti ndiko katenthetsa injini; amenewo aononga cinthu cimene wopanga anaciika ndi colinga. Poyang'ana madzi, munthu asatsegule cibvundikiro ca rediyeta injini iri yotentha, pakuti madziwo athamanga ndi mphamvu naotca nkhope.

Ngati mota imveka iri kulira koma mphepo ndi yocepa, ndiye kuti njira ya mpweya yatsekeka. Masamba ndi pfumbi ziunjikana pa cipata ca mpweya m'munsi mwa galasi, ndiponso magalimoto ambiri ali ndi sefa kuseri kwa kabokosi koikamo mapepala, imene m'misewu ya pfumbi idzala msanga.

Cizindikiro cacitatu ndico cokondweretsa koposa, cifukwa ciulula mwini mlandu poyera. Fani ikana pa 1, pa 2 ndi pa 3, koma pa nambala yotsiriza iuzira ndi mphamvu yonse. Apa colakwa ndi resistor. Nchito yace ndi kupanikiza magetsi kuti apite ocepa, monga mlimi aika mwala mu ngalande kuti madzi asakokolole mbeu. Pa 1 magetsi apanikizidwa kwambiri, ndipo fani iyenda pang'onopang'ono. Pa 2 apanikizidwa pang'ono. Koma pa nambala yotsiriza ailambalala resistor, napita okhaokha ku mota. Ndico cifukwa cace liwiro lalikuru litsala pamene enawo afa. Kacipangizoka katentha pogwira nchito, motero anakaika m'njira ya mphepo kuti kazizizira, ndipo mphepo ikacepa cifukwa ca sefa yotsekeka, kapsa. Woikapo kena osayeretsa njirayo adzakagulanso. M'magalimoto ena a makono mulibe resistor yotere, koma kabokosi ka magetsi kogwira nchito yomweyo. Kameneko sikakonzeka pansi pa mtengo.

Galimoto ya mnyamata uja sinali ndi cimodzi mwa zizindikiro zitatuzi. Inali cete pa manambala onse. Tsono mkuluyo anatsegula bokosi la mafyuzi, nawerenga cithunzi ca pa cibvundikiro cace kuti apeze ya fani.

Fyuzi ndi kawaya kakang'ono koikidwa dala kuti kadzipsa. Magetsi akaculuka kopitirira muyeso, kawayako kasungunuka, njira iduka, ndipo mawaya ena onse apulumuka. Pa mutu pa fyuzi iriyonse palembedwa nambala ya muyeso wace, ndipo za mano awiri zija ziri ndi maonekedwe odziwika: ya 10 ndi yofiira, ya 15 ndi yabuluu, ya 20 ndi yacikasu, ya 30 ndi yobiriwira. Mkuluyo anazula yobiriwira, naiyang'ana pa dzuwa, naona kuti kawaya kace kaduka ndipo m'kati mwada.

Mnyamatayo anakondwa nati, "Basi, Amalume, timange waya wa kopa pamenepo. Anzanga onse acita comweco."

Mkuluyo anakwiya nati, "Anzako amenewo adzaotha galimoto zao ngati nkhuni. Pita ukagule fyuzi ziwiri za 30."

Ndipo ananena zoona. Waya wokhuthala, kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, kapena fyuzi ya nambala yaikuru, sizisungunuka pa nthawi yace. M'malo mwace mawaya a kuseri kwa bolodi ndiwo atentha, cikopa cao cisungunuka, ndipo moto uyambira pamalo pamene dzanja silifika, anthu ali m'kati.

Anaika fyuzi yatsopano, natembenuza switci. Kunamveka kung'ung'udza pang'ono, kenaka kuti thi! Fyuzi yapsanso. Mnyamatayo anagwa mphwai, koma mkuluyo anamwetulira, pakuti kupsa kwaciwiriku kunamuuza zambiri. Anadziwa kuti magetsi afika ndithu ku mota, popeza inang'ung'udza, ndiponso kuti ciripo cinthu ciri kukoka magetsi oposa muyeso. Zinthu zotero ziri ziwiri: waya wosendeka wokhudza citsulo, kapena mota yogwidwa. Mota ikafuna kuzungulira koma nilephera, ikoka magetsi ambiri ndithu, monga munthu wokankha ngolo yotitimira m'matope aononga mphamvu zace zonse osasuntha.

Fyuzi ikadakhala yabwino, mkuluyo akadapita njira yina. Akadasinthanitsa relay ya fani ndi inzace yofanana nayo ya m'bokosi lomwelo. Zikadakanika, akadatenga babu ya mavoliti 12 yolumikizidwa ku mawaya awiri, nazula pulagi ya pa mota, nalowetsa mawayawo m'maenje ace awiri, switci iri pa nambala yotsiriza. Babu ikapanda kuyaka, bvuto liri m'mbuyo: m'switci, m'waya woduka, kapena pamene waya wobwerera amangidwa ku citsulo, pakuti pamenepo pamacita dzimbiri. Babu ikayaka, mota ndiyo ikayikitsa, ngakhale kuti pulagi yomwe iyenera kuyang'anidwa ngati yasungunuka kapena yacita ndere, cifukwa babu idya magetsi ocepa ndipo itha kuyaka pa mfundo yofooka imene mota singayendere. Amakaniko agogodanso mota pang'ono ndi cigwiriro ca sikuludiraiva. Ikadzidzimuka niyamba kuyenda, ndiye kuti timakala tiwiri ta m'kati mwace, timene tipereka magetsi ku cozungulira, tatha ndi kukhuzika. Mota yotero iyenda masiku owerengeka, niimanso pa tsiku la mvula.

Mkuluyo anazimitsa kiyi, naiika m'thumba mwace, pakuti fani itha kuceka zala. Ku Zambia magalimoto ayenda ku manzere kwa msewu ndipo ciongolero cikhala ku manja, motero m'magalimoto ambiri ang'ono mota ya fani ipezeka ku manzere, pamwamba pa mapazi a wokhala pambali pa dalaivala. Mkuluyo anauza mphwace kuti agone cagada pamenepo, azule pulagi, namasule timisomali titatu. Mota itatsika, zinyalala zinagwera mnyamatayo kumaso: makoko a nshawa, nsanza, thonje la mu mpando, ndi pfungo loipa. Fani imeneyi iri ngati kadengu kozungulira ka mapiko ambiri, ndipo m'kati mwace makoswe anali atamanga cisa. Cidutswa ca citsononkho cinali citapanikizika pakati pa mapiko ndi khoma.

"Galimotoyi igona kuti usiku?" anafunsa mkuluyo.

"Pambali pa nkhokwe, Amalume."

Mkuluyo sanayankhe. Anacotsa zinyalala zonse, nayang'ana mawaya ngati makoswe awatafuna, napeza kuti ali bwino. Anazunguza fani ndi cala, ndipo inazungulira mosabvuta, yopanda phokoso. Anaibwezera m'malo mwace, naika fyuzi yaciwiri ija, natsegula kiyi. Pa 1 kunamveka kamphepo, pa 2 kanakula, ndipo pa nambala yotsiriza pfumbi ndi timakoko totsalira zinauluka m'timipata tonse, mnyamatayo nayetsemula.

Madzulo omwewo anasuntha galimoto kuicotsa ku nkhokwe, nachera misampha iwiri pansi pace. M'mawa mwace mvula inagwanso. Anthu atalowa natseka mazenera, galasi linayera monga kale. Iye anadikira injini ifunde, nalozetsa mphepo ku galasi, ndipo nkhungu inayamba kucoka kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba. Asanapitirire misika ya nthoci ya pa Nyimba, msewu wonse unali kuoneka.