Flash ya kamera ikasiya kuwala: zokonzeka pakhomo ndi zofuna mmisiri

Wojambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe amadziwa kuti ntchito yambiri imachitikira mu holo momwe kuwala n'kochepa, ndipo apa ndi pomwe flash yokhazika pamwamba pa kamera imamudyetsa. Ikafa Lachisanu madzulo ukwati uli Loweruka, ganyu yathawa, ndipo ndalama yomwe eni ukwati analipiratu iyenera kubwerera. Kugula ina si nkhani yamasewera. Zipangizozi zimachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake imangotsatira dola.

Mwayi wake ndi wakuti matenda ambiri a flash amakhala kunja, pomwe munthu angafike osamasula thupi lake. Oyamba kuwakayikira ndi mabatire. Ma flash ofala ngati Canon 430EX II, Nikon SB-700, Godox TT600 ndi Yongnuo YN560 amayendera mabatire anayi a AA. Mabatire a alkaline akaiwalika m'katimo amatuluka madzi omwe amauma n'kukhala zoyera ngati mchere, ndipo zimenezi zimatsekereza magetsi. Mankhwala ake ali kukhitchini: kathonje koviika mu viniga kapena m'madzi a mandimu kamasungunula zoyerazo. Kenako apukutepo ndi sipiliti, n'kudikira kuti paume bwino. Ngati kachitsulo kogunda batire kaphwatalala, akakweze pang'ono mosamala.

Flash yomwe ikuyaka koma n'kumachedwa kudzaza nthawi zambiri imakhala ikudandaula za mabatire basi. Otchipa aja a tochi ndi wailesi alibe mphamvu yokwanira ntchitoyi, ndipo kusakaniza atsopano ndi akale n'kutaya ndalama. Otchaja a mtundu wa NiMH, monga Eneloop, amalembedwa 1.2V pomwe a alkaline amalembedwa 1.5V, koma nambala isanamize munthu: otchajawo amatulutsa magetsi ambiri nthawi imodzi, choncho amadzaza flash mwachangu. Amadula pogula, koma kwa wojambula sabata ndi sabata amabweza ndalama yake msanga.

Pachiwiri ndi paphazi la flash, pomwe imalumikizana ndi kamera pamalo omwe ojambula amati hot shoe. Kuyesa kwake n'kosavuta. Ngati flash ikuwala munthu akadina batani lake loyesera, koma ikukana ikakhala pa kamera, vuto lili pamenepa. Timapini ta kunsi kwa phazi timachita litsiro kapena kukanirira m'kati. Kutipukuta ndi chofufutira pensulo, kenako sipiliti, kumathetsa zambiri. Phazi lothyoka nalo limasinthika. Pa mitundu yambiri limagwiridwa ndi masikuluu anayi ndi kachingwe kongozula, ndipo latsopano limapezeka pa intaneti munthu akalemba nambala ya flash yake. Kumata ndi guluu n'kungochedwetsa tsoka, chifukwa tsiku lina flash idzagwera pasimenti pakati pa mwambo. Posintha phazilo mabatire akhale atachotsedwa, ndipo zala zisapite kupyola pamene pali kachingweko.

Malire a ntchito ya pakhomo ali pomwepa, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Mabatire anayi aja amapereka ma volts 6 okha. M'kati mwa flash muli kachipangizo kokweza mphamvuyo kufika pa ma volts 300 kapena kuposerapo pang'ono, n'kuisunga m'kachitini kotchedwa capacitor. Kulira kwa “tswii” komwe kumamveka ma flash ena akamadzaza ndi ntchito imeneyo. Munthu akajambula, mphamvu yosungidwayo imadutsa nthawi imodzi m'kachubu kagalasi kodzaza ndi mpweya wa xenon, ndipo kuwala kuja kumatuluka.

Choopsa n'chakuti capacitor siiwala. Imasunga magetsiwo kwa maola ambiri, mwinanso masiku, mabatire atachotsedwa kale. Ngakhale kudina batani loyesera sikuikhuthula yonse. Woigunda ndi chala amamenyedwa ndi magetsi otha kumuwotcha khungu ndi kusokoneza kagundidwe ka mtima. Amisiri amayamba aikhuthula polumikiza miyendo yake iwiri ndi resistor ya ma ohm masauzande angapo yokhala ndi zogwirira zokutidwa, kenako amayeza ndi multimeter mpaka nambala itatsikira pafupi ndi ziro. Kugunditsa miyendoyo ndi sikuludilaiva, monga ena amachitira, kumathethetsa moto ndipo kumatha kuwononga capacitor ndi bolodi lomwe. Amene alibe multimeter, kapena sanagwirepo ntchito ya magetsi otere, asatsegule mutu kapena thupi la flash.

Chomwe chimafa kawirikawiri m'katimo ndi kachubu kaja. Kakatopa kamada kumapeto, ndipo flash imadzaza bwinobwino, nyali yake n'kuonetsa kuti yakonzeka, koma osawala. Chimakapha kwambiri ndi kutentha. Buku la Canon 430EX II limalangiza kuti flash isawalitsidwe koposa ka 20 motsatizana, ndipo ikatero ipume mphindi zosachepera 10. Aliyense amene anajambulapo perekaniperekani akudziwa kuti lamuloli ndi lovuta kulisunga, poti mzere wa ofupa sutha ndipo aliyense akufuna chithunzi akuponya ndalama. Njira yake n'kutsitsa mphamvu ya flash kufika pa 1/4 kapena 1/8 n'kukweza ISO ya kamera. Kuwala kumakwanabe, flash sitentha msanga, ndipo mabatire amafika madzulo.

Kusintha kachubu kumafuna kuwotcherera, ndiye ndi ntchito ya mmisiri wa mawailesi ndi ma TV, ndipo ndi bwino kumukumbutsa za capacitor asanayambe. Koma kaye pafunika kuwerengera. Godox TT600 ndi Yongnuo YN560 zimagulitsidwa pansi pa madola 100 kunja, kotero mtengo wa kachubu, woitanitsira ndi wa mmisiri ukaphatikizidwa ungayandikire wa flash yatsopano. Ya Canon kapena Nikon, yomwe imadula kwambiri, ndiyo yoyenera kuivutikira.

Kungokhala osagwira ntchito nakonso kumafooketsa capacitor. Mabuku a Nikon amalangiza kuitulutsa flash kamodzi pamwezi, kuikamo mabatire ndi kuiwalitsa kangapo. Izi n'zofunika m'nyengo ya mvula pomwe maukwati amachepa. Ikamasungidwa, mabatire akhale panja.

Ogula flash yogwiritsidwapo kale ntchito asamale ndi zakale za nthawi ya makamera a filimu. Zina, monga Vivitar 283 zoyambirira, zimakhala ndi ma volts oposa 200 paphazi, pomwe makamera ena akale a digito a Canon amapirira 6 okha. Flash yotero ikhoza kupha kamera yodula kuiposa kakhumi. Kuyeza ndi multimeter pakati pa pini yapakati ndi kachitsulo ka m'mbali mwa phazi, flash itadzaza, kumaonetsa nambalayo isanakhazikidwe pa kamera.

Wopita kukagula atenge mabatire akeake odzaza. Ayang'ane m'malo a mabatire ngati muli zoyera zija, agwedeze phazi, kenako awalitse flash pa mphamvu yonse n'kuwerenga masekondi mpaka itadzazanso. Yabwino ya masiku ano sipyola masekondi asanu. Ikafika 10, wogulitsa atsitse mtengo, apo ayi katunduyo atsale.