Mizere yafika pamiyala ya njanji

Sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala itafika ku Kanengo mu 2024, patapita zaka zambiri isakubwera, nkhani ya njanji inadzukanso m'midzi ya kwa Chitukula. Anthu anayamba kufunsana kuti, kodi mbali ina ija, yochoka pa Kanengo kulowera ku Mchinji, idzukanso liti? Ena amafunsa mwachidwi. Koma alipo ena amene funsoli likuwasowetsa tulo, ndipo ambiri mwa iwowa ndi alimi.

Njanjiyi inamangidwa ndi thandizo la dziko la Canada. Inafika ku Lilongwe kuchokera ku Salima mu 1979, kenaka mu 1980 inakafika ku Mchinji. Ku Salimako sitima inali itafika kale mu 1935, chaka chimene mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa pa Zambezi. Ndipo mpaka lero, njanji ya dziko lino imathera m'chigawo chapakati chomwechi. Wa ku Mzimba, ku Rumphi kapena ku Chitipa sitima amaiona akayenda.

Mukatsata njanji kuchoka ku Kanengo kulowera kuzambwe, mupeza munda wa bambo wina wachikulire. Mizere yake inayamba kutali, koma chaka chilichonse akamapanga mzere watsopano khasu limasendera pang'ono, mpaka lero mzere womaliza wagundana ndi miyala imene njanji inakhalapo. Kumtunda wadzala chimanga, m'munsi mwake mtedza, ndipo maungu ayanga mpaka mphukira zina zakwera pachitsulo penipeni. Khasu lake amalinolera pomwepo. Akatopa amakhala panjanjipo, miyendo atatambalitsa, n'kumakukuta chinangwa chimene mdzukulu wamubweretsera m'kambale. Pambali pake pamadutsa kanjira kosalala kamene mapazi ndi matayala anakonza okha: ana asukulu, amayi osenza nkhuni, anyamata okankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala akulunjika m'tauni. Onse amamupatsa moni, iye n'kumayankha osadzuka.

Bamboyu saona cholakwa. Kunena kwake n'kwakuti malowo anali a makolo ake njanji isanabwere, ana achuluka, munda sukula, nanga nthaka yachonde ingogona chifukwa cha sitima imene imatha nyengo yaitali osaoneka? Akuti ikadzabwera adzasuntha, khasu si nyumba.

Pamenepa ndi pamene pali mkangano. Odziwa za njanji akuti khasu lomwelo ndi limene likuchedwetsa sitimayo. Njanji imakhala pachiunda chokwezedwa, ndipo m'mbali mwake muli ngalande ndi makalavati otulutsa madzi. Munthu akalima mpaka m'tsinde mwa chiundacho, udzu umene umagwira dothi umachoka, ngalande zimakwiririka, ndipo mvula ya Januwale ikagwa yamphamvu madzi amadzipezera njira pansi pa njanji. Pakutha kwa dzinja mumapeza zitsulo zili lende, pansi pali dzenje. Kukonza malo amodzi otere kumadya ndalama zambiri kuposa zokolola za mizere yonse imene yawononga.

Alimi sakana zonsezo, koma amabweza mpira. Akuti oononga enieni ndi amene amabwera usiku kudzamasula mabawuti ndi tizitsulo togwira njanji kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, komanso amene amatapa miyala pangolo kukathira maziko a nyumba. Mlimi amene ali pompo tsiku ndi tsiku, iwo akutero, ndiye mlonda wosalipidwa, chifukwa wakuba amaopa pamene pali maso. Mfundoyi ili ndi mutu ndithu, ngakhale kuti madzi a mvula sasankha kuti dothi anafewetsa ndi mlonda kapena wakuba.

Chimene chimaumitsa mitima n'chakuti anthu a kuno sitimayi sanaidyerere mokwanira. Mu Ogasiti 2010, pamene njanji ya Mchinji inalumikizidwa ndi Chipata ku Zambia, kunali chiyembekezo chakuti mabogi azingodutsa, feteleza atsika mtengo, fodya ndi soya zizikwera pafupi. Zimene zinatsatira n'zochepa. Katundu wambiri akadali pamsewu wa Mchinji, malole akuluakulu akudutsa pa Mpingu ndi pa Namitete usana ndi usiku. Tsono mfumu ikaitanitsa msonkhano kuti anthu asiye kulima m'mbali mwa njanji, imayamba yaombedwa ndi funso lakuti sitimayo ikadzabwera idzaima pati, ndipo idzanyamula ndani.

Ana a m'midziyi alibe nazo kanthu zokanganazo. Akaweruka kusukulu amapikisana kuyenda pachitsulo chimodzi manja atatambasula, woyamba kuponda miyala ndiye waluza, ndipo amanyamulira anzake mabuku mpaka pamphambano.