Mmene sewero la makatuni la Avatar linathetsera nkhondo ya zaka 100

Sewero la makatuni lochedwa Avatar: The Last Airbender linafika kumapeto pa 19 July caka ca 2008, pomwe wailesi ya kanema ya Nickelodeon ya ku America inaonetsa zigawo zinai zotsiriza usiku umodzi. Anthu pafupifupi 5.6 miliyoni anaonerera zigawozi.

Seweroli, lomwe anayambitsa ndi a Michael Dante DiMartino ndi a Bryan Konietzko, linayamba kuonetsedwa mu February caka ca 2005. Lili ndi zigawo 61 zogawidwa m'mabuku atatu, la Madzi, la Nthaka ndi la Moto. Buku lacitatu, lomwe lili ndi zigawo 21, linayamba mu September caka ca 2007, ndipo lonse lagona pa funso limodzi: kodi mwana amene anaphunzitsidwa kuti moyo uliwonse ndi wopatulika angathetse bwanji nkhondo popanda kupha mfumu imene ikuitsogolera?

Nkhaniyi imacitikira m'dziko longopeka la mitundu inai ya anthu. Mu mtundu uliwonse muli ena obadwa ndi mphamvu yolamulira cinthu cimodzi: madzi, nthaka, moto kapena mphepo. Munthu mmodzi yekha, wochedwa Avatar, ndiye angathe kulamulira zonse zinai, ndipo nchito yake ndi kusunga mtendere. Akamwalira amabadwanso mu mtundu wina.

Avatar wa m'seweroli ndi Aang, mnyamata wa zaka 12 wa mtundu wa Mphepo, yemwe analeredwa ndi amonke. Iye anathawa udindowu ndipo anakhala zaka 100 ali m'madzi oundana. Pomwe Katara ndi mlongo wake Sokka anamupeza, mtundu wake wonse unali utaphedwa ndi asilikali a dziko la Moto. Mfumu Sozin inacita zimenezi pa tsiku lomwe nyenyezi ya mcira inadutsa, cifukwa nyenyeziyi imaculukitsa mphamvu za olamulira moto. Nyenyeziyi imabwera kamodzi pa zaka 100, conco Aang anayenera kugonjetsa Ozai, mdzukulu wa Sozin, isanaonekenso.

Buku laciwiri linatha zinthu zitaipa. Mzinda waukulu wa Ba Sing Se unagwa, Azula, mwana wamkazi wa Ozai, anakantha Aang ndi mphenzi, ndipo mlongo wake Zuko anapereka atate ake aakulu, a Iroh, omwe anamusamalira pa zaka zonse zimene anali wothamangitsidwa kwao. A Iroh anaponyedwa m'ndende.

M'buku lacitatu Aang ndi anzake amalowa m'dziko la Moto mobisa. Kumeneko oonerera amaona koyamba kuti adaniwo ndi anthu wamba: asodzi, amalonda ndi ana a sukulu ophunzitsidwa mbiri yabodza. Pa tsiku la kadamsana, pomwe olamulira moto amakhala opanda mphamvu kwa mphindi zisanu ndi zitatu, gululi limaukira likulu la dzikolo koma limalephera, pakuti Azula anali atadziwa kale za ciwembuco.

Pa tsiku lomwelo Zuko amaima pamaso pa atate ake, omwe anamuocha kumaso ali ndi zaka 13, ndi kuwauza kuti wacoka kukathandiza Avatar. Anzake a Aang samukhulupirira msanga. Iye amapita ndi Aang kukaphunzira za moto kwa zinjoka ziwiri zotsala, amathandiza Sokka kutulutsa atate ake m'ndende, kenaka amaperekeza Katara kukafuna msilikali amene anapha amai ake. Katara amamupeza munthuyo ali wokalamba ndi wamantha, ndipo amamusiya wamoyo ngakhale kuti samukhululukira. Cigawo cimeneci cimakonza njira ya funso limene Aang adzakumana nalo.

M'zigawo zinai zotsiriza zimadziwika kuti Ozai afuna kutentha ufumu wonse wa Nthaka pogwiritsa nchito zombo za mumlengalenga. Anzake onse a Aang, kuphatikizapo Zuko, amamuuza kuti palibe njira ina koma kupha mfumuyo. Aang amafunsa nzeru kwa ma Avatar anai amene analipo iye asanabadwe, Roku, Kyoshi, Kuruk ndi Yangchen. Palibe ndi mmodzi yemwe amamumasula. Ngakhale Yangchen, wa mtundu wake womwe, amamulangiza kuti udindo wake ku dziko uposa ciyero ca mtima wake.

Thandizo limacokera kwa kamba wamkulu wa mutu wa mkango, cilombo cakale comwe msana wake uli ngati cilumba. Iye amaphunzitsa Aang kuti anthu asanayambe kulamulira madzi ndi moto anali kulamulira mphamvu ya m'kati mwa munthu.

Nkhondo yotsiriza imamenyedwa m'malo anai. A Iroh, atakhululukira Zuko ndi kumukumbatira, amatsogolera okalamba anzao kukamasula Ba Sing Se. Iwo amakana kumenyana ndi Ozai, ponena kuti mbiri idzangoona mkulu wopha mng'ono wake cifukwa ca mpando. Sokka, Toph ndi Suki amagwetsa zombo zija. Zuko amamenyana ndi Azula polimbirana ufumu, ndipo pomwe Azula aponya mphenzi kwa Katara, iye amadziponya patsogolo ndi kuvulala. Katara ndiye amamanga Azula ndi unyolo ndi kuciritsa Zuko.

Aang amagonjetsa Ozai, koma pa nthawi yoti amuphe amabweza dzanja. M'malo mwake amamugwira pamphumi ndi pacifuwa ndi kumucotsera mphamvu yolamulira moto kwamuyaya. Ozai amatsala wamoyo, ndipo amaikidwa m'ndende.

Mathero amenewa sanakondweretse onse. Ena mwa oonerera anadandaula kuti kamba uja anabwera mocedwa ndipo anapatsa Aang njira yosavuta yothawira funso lolemera. Ena amayankha kuti cithunzi ca cilomboci cinaonetsedwa kale m'buku laciwiri, ndiponso kuti njirayo inali ndi ngozi, pakuti mzimu wa Ozai unatsala pang'ono kumeza wa Aang. Iwo amaonjezera kuti Aang ndiye yekha anatsala mwa anthu a Mphepo, conco akadapha, ciphunzitso ca mtundu wake cikadafera m'manja mwa munthu wotsiriza amene anacisunga, ndipo nchito ya Sozin ikadatha bwino lomwe.

Seweroli limatha Zuko atavekedwa ufumu ndi kulengeza kuti nkhondo yatha, kenaka onse amakumana m'nyumba yogulitsiramo tiyi ya a Iroh ku Ba Sing Se. Funso limodzi linasiyidwa dala. Zuko amapita kundende kukafunsa atate ake kumene kuli amai ake, a Ursa, koma yankho silimveka. Nkhani imeneyo inafotokozedwa m'mabuku a zithunzi ochedwa The Search m'caka ca 2013.

Seweroli linalandira mphoto ya Peabody ya caka ca 2008. Olemba ake anapitiriza ndi sewero lina, The Legend of Korra, lomwe linaonetsedwa kucokera mu 2012 kufikira mu 2014, ndipo limasimba za Avatar wotsatira Aang patapita zaka 70.