MADZI NDIWO ALAMULIRA MSODZI: ZA NSOMBA YA BROWN TROUT

Anthu ambiri a ku Migodi amene apita ndi mbedza ku Kafue pa Sabata adziwa kuti tsiku lina nsomba zidya nyambo, tsiku lina zikana, ngakhale malo ndi omwewo. Kawiri kawiri mlandu uli ndi madzi. Nkhani ya lero ionetsa zimenezi pa nsomba ina ya ku Ulaya yochedwa brown trout, ndi pa mtsinje wa White, m'dera la Arkansas ku Amereka, kumene nsombayi ikula koposa.

Trout ndi nsomba ya madzi ozizira. Ikula bwino madzi akakhala pa madigiri 13 kufikira 17 a Celsius; akapitirira 20 iyamba kulefuka, ndipo pafupi ndi 25 ifa. Cifukwa cace ndi mpweya. Monga munthu wa pansi pa mgodi akomoka makina opopera mpweya akaima, momwemonso nsomba ikhala ndi moyo ndi mpweya wosungunuka m'madzi, ndipo madzi ofunda asunga mpweya wocepa. Ndico cifukwa cace Kafue ndi Luangwa alibe trout, koma abale ace apezeka m'timitsinje ta pamwamba pa mapiri a Zomba, Mulanje ndi Nyika, ndi ku Nyanga m'dziko la Zimbabwe.

Kale mtsinje wa White unali wofunda, wosayenera trout. Koma m'caka ca 1951 anatsiriza damu la magetsi la Bull Shoals, lotalika mapazi 256. Kumbuyo kwace kunabadwa nyanja yakuya, monga zinacitikira pa Kariba. Madzi oyendetsa makina acokera pansi pa nyanjayo, kumene dzuwa silifika, cotero aturuka ozizira caka conse. Nsomba za madzi ofunda zinacepa, ndipo Boma linathiramo trout. Pa mtsinje wina wa m'dera lomwelo, Little Red, umenenso uli kunsi kwa damu, Bambo Howard Collins anakola trout yolemera mapaundi 40 ndi maaunsi 4 m'caka ca 1992.

Tsono pa mtsinje wotere madzi sadikira mvula kuti adzale. Pa Bull Shoals pali makina 8 opanga magetsi. Anthu a m'mizinda akafuna magetsi ambiri makina atsegulidwa, ndipo mtsinje ukwera mapazi angapo; akatsekedwa madzi aphwa, miyala nionekera. Msodzi ayenera kuzindikira nyengo zitatu.

Yoyamba ndi ya madzi ocepa ndi oyera. Pamenepo trout yaikuru iona zonse, ngakhale cithunzithunzi ca munthu. Ibisala m'maiwe akuya ndi pansi pa mitengo yakugwa, nituruka m'mbandakuca, madzulo kapena usiku. Msodzi asowa cingwe copyapyala, nyambo yaing'ono ndi mapazi ofatsa. Paja akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Yaciwiri ndi ya madzi okwera. Madzi akalowa m'maudzu a m'mbali akokolola nyongolotsi, nkhanu ndi tizirombo, ndipo tinsomba tating'ono tisokonezeka. Trout yaing'ono idya tizirombo, koma ikakula cakudya cace ceni ceni ndi nsomba zinzace. Cotero isiya dziwe lace nisendera ku gombe, niima kuseri kwa mwala kapena citsa, pamene liwiro la madzi licepa, kudikira cakudya cimene mtsinje ubweretsa. Madzi akada pang'ono, kapena kumwamba kukacita mitambo, mantha ace acepa. Imeneyi ndiyo nthawi ya zazikuru. Asodzi ayenda pa bwato motsata madzi, naponya nyambo za nthenga zonga kansomba kufupi ndi gombe. M'miyezi yozizira kwambiri, tinsomba ta m'nyanja tonga kapenta tifa ndi cisanu nitipyola m'makina, ndipo trout za kunsi zikhuta ndi kunenepa.

Yacitatu ndi ya madzi akuphwa. Nsomba izindikira msanga kuti gombe liuma, nibwerera pakuya. Woponyabe m'mbali angotaya nthawi yace.

Palinso nyengo ina yobvuta. Dzinja lofunda likamatha, madzi a pansi pa nyanja akhala atatha mpweya cifukwa ca zinthu zoola, ndipo ngakhale ali ozizira, nsomba za pafupi ndi damu zilefuka. Trout yokoledwa nthawi yotere, ikalimbana ndi cingwe nthawi yaitali, ikhoza kufa ngakhale aibwezere m'madzi. Kuyambira Novembara nsombazi ziikira mazira m'timiyala ta malo osaya. Phazi limodzi la munthu woyenda m'madzi liphwanya mazira ambiri, ndipo cifukwa ca ici malo a kunsi kwa damu atsekedwa kwa asodzi kuyambira pa 1 Novembara kufikira pa 31 Januwale.

Koma cinthu cacikuru ndi moyo wa msodzi mwini. Asanatsegule makina aliza lipenga longa la pa mgodi. Amene ali mitunda yambiri kunsi salimva, ndipo madziwo amfikira patapita maora, iye ali pakati pa mtsinje. Cotero wanzeru asankha mwala umodzi woonekera nauyang'ana kawiri kawiri. Mwalawo ukayamba kumira, kapena masamba ndi zinyalala zikayamba kuyandama, kapena mkokomo wa madzi ukasintha, aturuka pomwepo, ku tsidya limene anasiya katundu wace, osati mpaka ataponya kamodzinso. Madzi saiwala khwawa.

Woweza kunsi kwa Kariba kapena Itezhi-Tezhi sadzakola trout, koma lamulo ndi lomwelo: ayambe wayang'ana madzi, ngati akwera kapena aphwa, ngati ayera kapena ada, asanamange mbedza pa cingwe.