Thumbo la Mwana Likabooka Asanabadwe

Mwana akali m'mimba mwa mayi wake, matumbo ake amasunga chimbudzi chakuda chonanda, chimene chimatuluka pasanathe masiku awiri chibadwire. Koma mwa apo ndi apo thumbo limatsekeka kapena kupotana, n'kubooka, ndipo chimbudzicho chimatayikira m'kamimba ka mwanayo. Si ufiti ayi, ndiponso si chifukwa cha zimene mayi anadya.

Kawirikawiri mayi sazindikira kanthu. Chimene azamba a ku sikelo ku Nsaru, Kabudula kapena Nambuma angaone ndi pathupi pokula mopitirira miyezi yake, chifukwa cha kuchuluka kwa madzi m'chiberekero. Apa m'pamene amamutumiza kukaunikidwa ndi makina a sikani, monga ku chipatala cha St Gabriel ku Namitete.

Makinawo amathandiza dokotala kudziwiratu zimene zidzachitike. Akaona timadontho toyera tokha m'mimba mwa mwana, nthawi zambiri ndiye kuti bala linapola lokha, ndipo ana otere ambiri safunika opaleshoni. Koma akaonamo madzi ndi matumbo otupa, pamodzi ndi madzi ochuluka m'chiberekero, mwanayo angafunike opaleshoni akangobadwa. Mayi wotere akachilire ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kuli madokotala a opaleshoni. Asadikire kuti matenda ayambe ali kumudzi, pakuti mwana akabadwa tizilombo timalowa m'matumbo ake, ndipo bala lija limaopsa ola ndi ola.

Khanda lililonse lotupa mimba, losanza zobiriwira, kapena losachita chimbudzi masiku awiri, lithamangitsidwe ku chipatala tsiku lomwelo.